Mwana Amene Analembedwa Kuti Anafa

Jessie Masiye anali atagwira ntchito miyezi isanu ndi iwiri m'nyumba ya Madamu Shamim ku Festival City, mumzinda wa Dubai, pamene mafunso anayamba. Ntchito yake inali kulera ana awiri, kuchapa ndi kusita. Abwana akewo, mayi wachimwenye wobadwira ku Mangalande, sankacheza naye kwenikweni kupatula kumufulumizitsa kuti "yalla, Jessie" ana akamachedwa basi ya sukulu. Ndiye tsiku lina akupukuta mbale anangomva mawu kumbuyo kwake.

"Jessie, mayi ako dzina lawo ndani?"

"Ndi a Ruth, Madamu."

"Nanga mayi awo a Ruth?"

Jessie anazengereza, n'kunena kuti waiwala. Mawa lake anafunsidwa ngati ali ndi chithunzi cha agogo akewo. Lachisanu Madamu anaika kabokosi pathebulo la kukhitchini. M'kati munali kabotolo kakang'ono, ati alavuliremo malovu akawayeze kunja.

"Ayeze chiyani, Madamu? Ine za chipatala ndinayezetsa kale pobwera."

"Si matenda ayi. Ndidzakufotokozera, inshallah."

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, Jessie anakhala m'mphepete mwa madzi a Creek ndi mnzake Lindiwe, wa ku Chipata, yemwe anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi akugwira m'nyumba za ku Dubai. Lindiwe atamva nkhaniyo anaika chakumwa chake pansi.

"Dzina la mayi, dzina la agogo, chithunzi, tsopano malovu? Iwe mwana, kwanu sizichitika izi? Usalavule. Kaya ndi zamankhwala, kaya pali wodwala impso akufuna aone ngati magazi akugwirizana. Pasipoti ili ndi ndani?"

"Ili ndi ine."

"Uziyenda nayo m'thupi."

Kuyambira tsikulo Jessie ankati akapesa, tsitsi lotsalira m'chipeso ankalitaya m'chimbudzi. Chakudya chimene Madamu amugawira ndi dzanja lawo ankachisiya. Kabokosi kaja anakakankhira kuseri kwa thumba la mpunga.

Lachitatu masana, akupukuta fumbi m'chipinda chowerengera, anaona fomu yake ya ku ejensi ili pamwamba pa mulu wa mapepala. Dzina la mudzi wa kwawo ku Chiradzulu, Namakhuwa, linali litazunguliridwa ndi cholembera chofiira. Pansi pake panali mapepala awiri ojambulidwa kuchokera m'buku lakale, la mizere yopingasa ndi zilembo zopendekera. Anawanyamula, koma anali asanawerenge n'komwe pamene chitseko chinatseguka, Madamu n'kulowa.

Jessie sanabweze mapepalawo. Anafunsa ndithu.

"Madamu, mudzi wa kwathu ukutani apa? Ngati ndalakwa, ndiuzeni ndizipita."

Madamu anakoka mpando n'kumuuza akhale. Anati agogo awo aamuna, a Gulamu, anali ndi sitolo ku Namitambo nthawi ya atsamunda. Bambo awo a Madamuwo, omwe tsopano ndi okalamba ku Leicester, anamvapo ali mnyamata kuti a Gulamu anali ndi mwana wina asanakwatire. Madamu anatuma munthu akafufuze m'makaundula akale a boma ku Malawi.

"Masiku amenewo ana a anthu akuda sankalembedwa kawirikawiri," anatero. "Koma uyu analembedwa chifukwa bambo ake anali mmwenye. Taona."

Jessie anatsatira ndi chala. Wobadwa pa 14 June 1944. Mtsikana. Dzina, Amina. Bambo, Gulamu, wamalonda. Mayi, Duniya, wa kwa Namakhuwa.

"Pepala lachiwirili ndi la imfa," Madamu anapitiriza. "Anamwalira ndi malungo mu 1947, ali ndi zaka zitatu. Bambo anga akufuna adziwe pamene anaikidwa. Ndinkaganiza kuti Duniya ameneyu angakhale m'bale wanu, n'chifukwa chake malovu aja."

Jessie anayang'ana pepala lachiwirilo nthawi yaitali. Pa mzere wa munthu wodzanena za imfayo panali dzina la a Gulamu, atasaina okha.

"Madamu, a Duniya ndi agogo awo a mayi anga. Mwana wawo anali mmodzi yekha, a Mina, agogo anga. Anali oyera, tsitsi lawo lofika m'mapewa, ana ankawanena kuti mwenye wa kumudzi. Anamwalira mu 2011. Ine ndinanyamula nkhata pamaliro awo."

Madamu anagwira pakamwa. Jessie anawayang'anitsitsa m'maso kuti aone ngati kudabwako kunali kwenikweni, ndipo sanathe kudziwa.

"Munandisankha ku ejensi chifukwa cha mudzi umenewu?"

"Inde."

"Ndiye miyezi yonseyi munangokhala chete, ine ndikukolopa?"

"Ndinkafuna ndikudziwe kaye kuti ndiwe munthu wotani."

Madzulo ana akuonera katuni, Jessie anaimbira mayi ake ali pakhonde la kukhitchini, n'kuwawerengera mapepala onse awiri. 

"Chaka cha 1947 chimenecho ndi chimene mwenyeyo anapita kwawo kukatenga mkazi," anatero a Ruth. "Asananyamuke anawathamangitsa a Duniya kuseri kwa sitolo kumene ankagona. Anayenda wapansi, mwana ali kumsana. Amayi ankati bambo awo anawakana. Zoti anakawapha papepala ku boma sitinkadziwa. Nanga anthuwa akufuna chiyani lero?"

"Akuti manda, amayi."

"Manda alipo, koma ndi a nkhalamba. Malovuwo usapereke. Chithunzi uwapatse, aone okha."

Jessie anatero. Loweruka Madamu anaimbira bambo awo pa vidiyo n'kuwaonetsa chithunzi cha a Mina ali pa ukwati wa mdzukulu wawo, atavala duku lobiriwira. Mkuluyo anasendeza nkhope yake pafupi, n'kuyamba kulira. Anati mphumi ndi mphunozo n'za bambo ake. Anafunsa ngati mlongo wakeyo anavutika. Jessie anayankha kuti ankalima nandolo ndi kuumba miphika, ndipo anabereka ana asanu ndi atatu. Zina sananene.

Atadula foni, Madamu anamupempha kuti amuna awo asamve kaye nkhaniyi. Sabata yotsatira kutabwera alendo, anamutchula monga kale: mtsikana wathu wa ku Malawi. Koma akakhala awiri ankamugwira paphewa, n'kumufunsa ngati wadya. Jessie ankavomera mwaulemu, akudzifunsa kuti mwa a Madamu awiriwa weniweni ndi uti. Lindiwe anati akhale maso, tsiku lina adzamubweretsera pepala loti asaine. Pepala lotero silinabwere, koma Jessie ankaliyembekezera ndithu.

Kontrakiti itatha, Madamu anamupempha kuti awonjezere zaka ziwiri. Jessie anathokoza, n'kunena kuti khalas, zakwana, wapeza ntchito yoyala mabedi pa hotela ina. Chimene anapempha ndi mapepala awiri aja basi, ndipo anampatsa.

Atapita kutchuthi mu Ogasiti, iye ndi mayi ake anatengana kupita kwa mmisiri wa ziliza ku Limbe. Pamanda a a Mina panali mtanda wachitsulo wokhala ndi chaka cha imfa chokha, chifukwa tsiku lobadwa panalibe ankalidziwa, ngakhale eni akewo. Mmisiriyo anakopera tsikulo m'kope lake, n'kuloza papepala ndi pensulo.

"Nanga dzina la bambo awoli tilembepo, mayi?"

A Ruth anapinda pepalalo n'kuliika m'chikwama.

"Lembani kuti mwana wa a Duniya," anatero. "Ndipo zilembo zikhale zikuluzikulu."