Galimoto Yofunda Chinsalu

"Yanga ija chiimikireni mu Novembala sinapondeko msewu," anatero a Goodwell, "koma nditati ndiidine panopa, iyaka ngati ndaitenga kusitolo lero."

Marjorie, mkazi wawo, anamva mawuwo ali m'khitchini, akuthira tiyi m'fulasiki. Anangoyang'ana Yande, mnzake wa kukwaya, amene ankadula keke. Yande anaweramitsa mutu, mapewa akugwedezeka.

Linali Lamlungu masana, mu Febuluwale, ndipo anthu a kutchalitchi anali atadzaza pabalaza m'nyumba yawo ku Laurel, ku America. Panja sinowo inali itaunjikana m'mbali mwa msewu, yada bii ndi mchere umene amathira kuti magalimoto asaterereke. Nkhaniyi anaiyambitsa ndi a Greyson, mwamuna wa Yande, wa ku Lusaka. Iwo anali ndi galimoto yofanana ndi ya a Goodwell, zija zoyendera magetsi ndi petulo yemwe, zimene umazilumikiza kukhoma ngati foni. Anapita kwawo kukadya Khrisimasi, ndipo pobwerako anapeza yawo yafa, osatsegula n'chitseko chomwe.

"Ba Goodwell, izi motoka sizifuna kunkhala chabe," anatero a Greyson. "Kabatire kang'ono kaja kamasila."

"Zimatengera kasamalidwe, achimwene," anayankha a Goodwell, akusisita pamimba. "Ena timasunga galimoto. Ena amangokhala nayo."

Pakamwa, galimotoyo inali ya Marjorie. Chaka chathachi, paphwando lokumbukira ukwati wawo, a Goodwell anaimirira pamaso pa anthu omwewa, nagwedeza makiyi m'mwamba. "Iyi ndi ya mayi a Kondi," anatero, "chifukwa cha kupirira kwawo." Amayi analulutira, zithunzi zinafika mpaka ku Zomba tsiku lomwelo. Phwando litatha, makiyi anabwerera m'thumba la jekete, ati kuti angasowe. Kupirira kunapitirira.

A Goodwell kuntchito kwawo kubanki ku Washington ankapita pa sitima, choncho galimoto inkatuluka mwa apo ndi apo. Kuzizira kutayamba, analengeza kuti mchere wa mumsewu umadya chitsulo, naifunditsa chinsalu m'galaja. Inasanduka ngati mbale za m'kabati ya pabalaza, zodikira alendo amene sanabadwe. Nthawi zina ankatukula chinsalucho, kupukuta galasi la kutsogolo, n'kuiuza mawu abwino. Marjorie ankayendera galimoto yawo yakale, imene hita yake inkayamba kufunda iye atafika kale kuchipatala kumene ankagwira ntchito.

Koma tsiku logula lija, pamene a Goodwell ankadzijambula atatsamira chitseko, wogulitsa anafotokozera Marjorie zinthu zingapo. Galimoto yotere ikamangokhala, batire yaing'ono imatha, petulo amaguga m'thanki, matayala amaphwa mbali imodzi. Izikhala yolumikizidwa kumagetsi, koma iziyendanso mpaka injini itenthe, ndipo mchere uzitsukidwa kunsi.

Makiyi apadera ankagona m'dirowa ya mataye. Ndiye Lachitatu lililonse, tsiku lake lopuma, Marjorie ankavundukula galimoto yake, n'kukatenga amayi anzake ku Greenbelt kupita kokagula ufa, chinangwa ndi nsomba zouma. Pobwera ankaitsukitsa, kuilumikiza kukhoma, kukankhira mpando kumbuyo, kubwezera galasi loonera m'mbuyo, n'kuifunditsa. Theka la anthu amene ankamvetsera a Goodwell pabalazapo anali atakwerapo.

"Manje tiyeni tikaione," anatero a Greyson.

"Tiyeni! Mukaphunzire."

Azibambo anayamba kufunafuna nsapato pakhomo. Pamenepo ndi pamene Marjorie anakumbukira kuti Lachitatu lapitali anachedwa kukwaya, ndipo mpando sanaukankhe.

"Mpando," ananong'ona.

Yande anatula mpeni. "Iwe, thamanga! Dutsira pachitseko ichi. Akadali pa nsapato."

Chitseko cha kugalaja chinali pomwepo, pafupi ndi firiji. Marjorie ankawadziwa amuna ake. Kuwachititsa manyazi pagulu kukanatha kumutayitsa makiyi apadera aja, ndipo nyumba ikanakhala chete mpaka Pasaka. Anayang'ana chitsekocho. Kenako anatenga kapu, nadzithirira tiyi.

"Ndatopa kukankha mpando," anatero.

M'galaja munkazizira ngati mufiriji, koma anthu onse anakwanamo, amayi atadzifunditsa zitenje pamwamba pa majuzi. A Goodwell anachotsa chinsalu pang'onopang'ono, monga amachitira akuluakulu potsegulira mlatho. Galimoto inali phuliphuli. Anazula chingwe cha magetsi, nachikulunga mwaulemu, natsegula chitseko.

Kulowa kwake kunavuta. A Goodwell ndi munthu wamtali, ndipo kubanki amadya bwino. Mwendo umodzi unalowa, mimba inakana, ndipo pomaliza anapezeka atakhala mawondo ali pachiwongolero, chibwano chili pafupi ndi galasi.

"Kuzizira kumafupikitsa zitsulo," anatero. Palibe anatsutsa.

Anadina batani. Magetsi onse anayaka mwakachetechete. A Goodwell anatukula chala m'mwamba, akuyang'ana a Greyson.

"Mwaona? Kasamalidwe."

Asanatsitse chalacho, pakagalasi kapakati panatuluka dzina lakuti Marjorie, ndipo galimoto inayamba kuimba nyimbo imene kwaya inkaphunzira ya Pasaka, kuyambira pomwe inalekezera. Amayi awiri anayamba kuimba nawo asanaganize.

Ndiye panali Mayi Bupe, mayi wachikulire amene sanabisepo kanthu chibadwire. Anatsegula chitseko cha kumbuyo, napisa dzanja m'thumba la kuseri kwa mpando.

"Eya! Magolovesi anga! Ndawafuna chiyambire Lachitatu."

M'galaja munangotsala nyimbo.

"Chiimikireni mu Novembala, ba Goodwell?" anafunsa a Greyson mofatsa.

A Goodwell anazimitsa galimoto. Anayang'ana mkazi wawo, amene anaima pachitseko, kapu ili m'manja. Marjorie sanagwetse maso.

"Mayi a Kondi?"

"Imafuna kuyenda, bambo a Kondi. Wogulitsa ananena. Inu munali pa zithunzi."

"Ndi mchere womwe uli panjawu?"

"Weramani muone kunsi."

Sanawerame, popeza kutuluka kokhako kunali ntchito. A Greyson anawagwira dzanja n'kuwakoka. Ataima, anawongola jekete, nakhosomola monga amachitira asanayambe msonkhano. Marjorie anaigwira kapu yake chilili.

"Ndinati zimatengera kasamalidwe," anatero a Goodwell. "Ndinanama?"

"Simunaname," anavomera a Greyson.

"Yanu inafa. Yam'nyumba muno yayaka. Kodi ine ndinatchula dzina la woisamala?"

"Munati 'yanga', alamu," anatero Yande.

"Ndi mawu a m'banja amenewo." Anapisa m'thumba, natulutsa makiyi, nawagwedeza m'mwamba ngati tsiku lija. "Paja ndinanena pamaso panu nonse kuti galimoto iyi ndi ya mayi a Kondi."

Anadikira nthungululu. Sizinabwere.

"Tinalulutira kale chaka chatha," anatero Mayi Bupe, akuvala magolovesi awo. "Lero tikufuna tione afike m'manja."

Dzanja la a Goodwell linatsika pang'onopang'ono. Marjorie anapatsira Yande kapu, nalandira makiyi ndi manja awiri, atapinda bondo pang'ono monga anamulerera. Kenako anawaponya m'chikwama chake n'kutseka zipi. Phokoso la zipiyo linamveka m'galaja monse, ndipo pamenepo ndi pamene amayi analulutira.

"Mkazi wanga ameneyu," a Goodwell anauza a Greyson, chifuwa chili patsogolo. "Chisanu chonsechi, batire osatha. Wanu anakuchitirani zimenezo?"

Anthu anayamba kubwerera kukamwa tiyi. A Goodwell anatola chinsalu chija pansi, osadziwa kochiika.

"Mukafunditse yakale ija," anatero Marjorie. "Imamva kuzizira."

Iwo anagwedeza mutu, nawerama kuti akankhire mpando kumbuyo asanatseke chitseko.

"Usiyeni pomwepo," anatero Marjorie.

Anausiya.