Eda ya Tausi

Tausi anafufuta sileti ndi nsonga ya nsalu yake kachisanu, n'kuyambiranso. Zitatu ndi theka kuchulukitsa ndi ziwiri ndi kota. Ulendo uliwonse yankho linkatuluka lina, ngati manambalawo achita kupangana kuti amuseke. M'nyumbamo munkatentha ngati mu uvuni, koma chitseko chinali chotseka.

"Wapeza zingati?" anafunsa Fanny ali panja, chigongono atatsamiritsa pa kazenera.

"Zisanu ndi ziwiri ndi zinazake."

"Pa mayeso palibe zinazake, iwe. Yambiranso. Ukatha undiuze nkhono imabweretsa bwanji likodzo."

Awiriwa anadziwana kusukulu ya mishoni kufupi ndi boma la Salima. Bambo a Tausi ankanyamula katundu pa siteshoni ya sitima, ndipo anachita zimene Asilamu anzawo ankati ndi misala: kulowetsa mwana wamkazi sukulu ya Akhristu. Tausi anafika Sitandade 4, bambowo n'kumwalira, amalume ake n'kumukwatitsa kwa Abdallah, msodzi wa kunyanja kuno. Fanny yekha anapitirira, ndipo tsopano anali mphunzitsi wokhala ndi njinga yakeyake.

Abdallah anali munthu wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake, koma atamva kuti kusukulu ya aphunzitsi akulandira amayi amene angakhoze masamu ndi sayansi a Sitandade 6 ngakhale akuchokera pakhomo, anayenda yekha wapansi mpaka kuboma kukalembetsa dzina la mkazi wake. Patangopita milungu itatu, mwera unagudubuza bwato lake. Linali tsiku la 8 Julaye.

Kuyambira pamenepo Tausi anali pa eda, kulira kwa mkazi wamasiye wa Chisilamu: miyezi inayi ndi masiku khumi ali m'nyumba ya malemuyo, osadzola mafuta, osavala zokongola, osayenda ulendo. Pakhoma anapachika kalendala imene Fanny anam'patsa, ndipo anawerenga bwinobwino monga munthu wopita kusukulu. Miyezi inayi kuchokera pa 8 Julaye ndi 8 Novembala. Kuonjeza masiku khumi, 18 Novembala, Lachinayi. Mayeso anali Lolemba, pa 15.

Masiku atatu okha! Akanakhala mwezi wathunthu bwenzi atangolira kamodzi n'kuiwala. Koma masiku atatu ankamudya usana ndi usiku ngati thekenya m'chala.

"Ndafunsanso kuboma," anatero Fanny motsitsa mawu. "Akuti mwayi wa ochokera pakhomo ukuthera chaka chino. Chaka chamawa akufuna okhawo otuluka m'kalasi."

"Ndiye basi, zanga zada."

"Nanga za a Sidiki wazimva?"

Anali atazimva. A Sidiki anali ndi makoka awiri, akazi awiri, ndi mano osakwana khumi. Amalume ake a Tausi anali atalandira kale mawu awo ofuna kumukwatira, akungodikira kuti eda ithe. Chokhacho chimene chikanawatseka pakamwa chinali kalata ya kusukulu ya aphunzitsi.

"Bwanji osawapempha apongozi ako?"

"Ndikawapemphe chiyani? Kuti mwana wawo ndamulira mokwanira?"

Apongozi akewo, Abiti Saidi, anali panja pa ntchito yawo yowamba nsomba, utsi uli m'maso. Anali mayi wouma thupi ndi pakamwa pomwe. Abdallah anali mwana wawo mmodzi yekha, ndipo chimwalirireni sankalankhula ndi Tausi zoposa "madzi awo" ndi "idya". Sileti ankaiyang'ana ngati mkazi wachiwiri amene walowa m'nyumba popanda odi. Za tsiku lotha eda Tausi sanawafunsepo, ngakhale kutumiza mawu kwa shehe. Kunyanja kuno mkazi wofunsa kuti eda itha liti ndiye kuti waona kale mwamuna wina, ndipo mbiri yake imafika kudooko iye asanatseke pakamwa.

"Lamulungu masana ndidzaima ndi njinga pa mlambe wa kunjira," anatero Fanny. "Ukagona kwathu, Lolemba ulemba. Ukapanda kubwera ndidzadziwa."

Mlungu umenewo Tausi anaphunzira ngati wogwidwa ndi mizimu. Ankaloweza ziwalo za duwa akusenda chinangwa, ankatchula magawo anayi a moyo wa udzudzu akusesa. Koma akangotseka buku mantha ankamubwerera. Akathawa, adzakhala mkazi amene analephera kudikira masiku atatu chifukwa cha mwamuna amene anamuyendera wapansi mpaka kuboma. Ndipo kwa Mulungu akayankha chiyani? Akakhala, ulendo wa Abdallah uja upita pachabe, iyenso n'kukathera pa mtondo wa a Sidiki. Ankamusowa mwamuna wake koopsa, ndipo nthawi zina ankamukwiyira chifukwa chofa mu Julaye m'malo mwa Juni. Akaganiza choncho ankachita manyazi n'kulira.

Lachinayi anamanga kamtolo: diresi la maluwa limene Abdallah anamugulira kwa Mmwenye, nsapato, ndi pensulo ziwiri. Anakabisa pansi pa dengu la nsomba zouma.

Lachisanu masana, amuna onse atapita kumzikiti, Abiti Saidi analowa kudzatenga dengulo. Kamtolo kanagwa, nsapato imodzi n'kugubuduka mpaka pakati pa nyumba. Mayiwo anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Ulendo wa liti?"

Tausi anagwada. Bodza linakana kutuluka. "Lamulungu, amayi. Mayeso ndi Lolemba. Ndikudziwa kuti eda ikutha Lachinayi. Ndayesetsa, Mulungu ndi mboni, koma ndikaphonya ulendo uno palibenso wina. Munditukwane, mundimenye, koma ine kwa a Sidiki ayi."

"Lachinayi? Wakuuza ndani zimenezo?"

Tausi analoza kalendala.

Abiti Saidi anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Chipepala cha Azungu icho? Eda anaiyamba ndi Azungu?"

Anapisa dzanja m'chiuno n'kutulutsa chingwe cha khoka, chakuda ndi utsi ndi thukuta, chodzaza mfundo kuchokera uku mpaka uko. Zinayi mwa mfundozo zinali zazikulu.

"Tsiku lililonse mfundo. Zazikuluzi ndi mwezi ukaoneka. Mwana wanga anapita mwezi uli ndi masiku asanu ndi awiri. Waonekanso kanayi. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri la uno miyezi inayi inakwana, ndipo pa khumi aja lero ndi lachisanu ndi chinayi. Eda yako ikutha mawa dzuwa likalowa. Shehe akudziwa, amayi a madzi osamba ndawauza kale. Wosadziwa ndiwe wekha, mwini sukulu."

Tausi anakhala kukamwa yasa. Kenaka anakwawira pa sileti. Zinali m'buku la sayansi lomwelo, tsamba limene analiloweza ngati nyimbo: mwezi umaonekanso pakapita masiku makumi awiri mphambu asanu ndi anayi ndi theka. Anachulukitsa ndi zinayi, ndipo theka lija, limene linamuzunza miyezi yonseyi, linagonja msangamsanga: 118. Kuonjeza khumi, 128. Anawerenga pa kalendala ndi chala, n'kuima pa Loweruka. Miyezi ya pakhoma inali yonenepa kuposa ya kumwamba, ndipo inamubera masiku asanu. Safunsa anadya phula, koma uyu anadya ndi njuchi zomwe.

Anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka chinali kulira. Atapukuta misozi, funso linamufika lokha.

"Amayi, tsiku la mayeso munkalidziwa?"

"Kazenerako n'kopanda chitseko. Ndili ndi makutu."

"Ndiye munkandiona ndikuvutika chonchi..."

"Ndinkakuona." Mayiwo anakhala pansi mwadzidzidzi. "Ndinati ndikhale chete. Lolemba lidutse, ukhale. Ngakhale kwa a Sidiki, ndi pompano apa, bwenzi ndikumakuona kudooko. Ukakwera sitima, m'nyumba muno adzatsala ndani woti anene kuti Abdallah ankakonda chakuti? Ine ndekha, ndi nsomba."

"Nanga lero mwanenanji?"

"Ukanachoka ngati mbala, ukudziyesa wochimwa pamene sunachimwe. Ukanausenza mtolo umenewo mpaka kumanda, ndipo womanga wake ndikanakhala ine." Anatola nsapato ija n'kuipukuta fumbi ndi chikhatho. "Astaghafirullah, Mulungu andikhululukire. Ndinatsala pang'ono."

Loweruka dzuwa litapendeka amayi a m'mudzi anasonkhana, ndipo litalowa anamusambitsa Tausi kuseri kwa nyumba, n'kumudzoza mafuta koyamba chichokereni Julaye. Lamulungu masana anavala diresi la maluwa lija, natuluka pakhomo la kutsogolo anthu onse akuona. Kuwala kunamulasa m'maso mpaka anaima kaye. Patali, pansi pa mlambe, Fanny anali atagwira njinga, akudabwa kuti wothawa akuyenda pakati pa njira.

Abiti Saidi anali pakhonde. Tausi anagwada kuti atsanzike, ndipo anaona kuti chingwe chija chili pamiyendo pawo, zala zawo zikumanga mfundo ina kunsonga.

"Amayi, eda si yatha dzulo?"

"Yako," anayankha mayiwo osadzutsa mutu. "Pita, ungachedwe. Yangayi shehe sanandiuze tsiku lake."

Anakoka mfundoyo ndi mano kuti ilimbe.