Mafuta a M'thumba la a Korbinian

Alamu anga a Korbinian anamwalira mu Febuluwale, chipale chofewa chikadali pamadenga, ndipo gulu lathu la owombera mfuti linasankha Lamulungu lachiwiri la Meyi kukhala tsiku la thabwa lawo. Mwambo wake ndi womwe uja: mnzathu akatisiya timajambulitsa thabwa lozungulira, dzina lake pamwamba, ndipo woyamba kuliwombera amakhala wa m'nyumba mwake, ndi mfuti ya malemuyo. Likabooledwa timalipachika pakhoma pamodzi ndi matabwa a anzathu ena. Ana kunalibe, choncho udindowu unagwera mkazi wawo, achemwali anga a Burgl.

Mfuti ya alamuyo inali ya agogo a bambo awo, ndipo zipolopolo zake simungazipeze m'sitolo iliyonse. Ndi zija zokhala ndi chidendene: kumunsi n'zowonda kuti zilowe m'khoko la mkuwa lokhala ndi wonga, kumtunda n'zonenepa molingana ndi khokolo. N'chifukwa chake mafuta ake sabisika mkati ngati zamasiku ano, amapakidwa kunja poonekera. A Korbinian ankasungunula okha mtovu, n'kuthira m'chikombole chimene anasula okha, kenako n'kupaka phula la njuchi zawo losakaniza ndi mafuta a nkhosa. Ankapaka ndi chala chachikulu, chimodzichimodzi, lilime lili panja.

Akamaliza ankangoziponya m'thumba la jekete. Apa ndiye panali nkhondo ya banja lija. Zaka makumi anayi ndi chimodzi achemwali akudandaula kuti anakwatiwa ndi kandulo, kuti matumba onse ananona ngati poto wa soseji, kuti tsiku lina adzawaphika pamodzi ndi zovala zawozo. Alamu ankangoseka n'kumati mkazi wosalongolola ndiye kuti wakutaya.

Lachitatu la sabata yomaliza ndinapita kukatenga mfuti ija kuti ndiyione ngati ili bwino. Nditalowa kukhitchini ndinapeza zipolopolo khumi ndi ziwiri, zomwe alamu anasiya, zitandandalikidwa pakansalu kopukutira mbale pawindo. Zinali mbee, zikunyezimira ngati masipuni a pa Khrisimasi. Achemwali anali ataziviika m'madzi otentha a sopo kuyambira m'mawa, n'kuzikwecha ndi kaburashi. Mafuta onse anachoka, ndipo nditagwedeza chimodzi pakhutu ndinadziwa kuti madzi alowa, wonga wanyowa.

“Ndimafuna zikaoneke bwino pamaso pa anthu,” anatero achemwali, akupukuta manja.

Ine ndine wamtima wapachala, sindikana, mudzi wonse ukudziwa. Ndinakalipa mpaka galu anathawira panja. Ndinawauza kuti ngakhale mwana wa sukulu amadziwa kuti chipolopolo cha chidendene sachapa, kuti akhala ndi munthu zaka zonsezi osaphunzirapo kanthu. Ndiye ndinawonjezera mawu amene mpaka lero ndimanong'oneza nawo bondo: ndinati alimbana ndi mafuta a mwamuna wawo moyo wonse, tsopano akondwe, apambana. Anangopinda kansalu kaja bwinobwino, n'kukhala pampando.

Lachinayi ndi Lachisanu ndinadzitsekera m'kanyumba ka alamu kogwirira ntchito, ndikuti ndikonza ndekha zipolopolo zina. Ha, kudzitama! Chikombole chinalipo, koma chinkamvera mwini wake yekha. Zidendene zinkatuluka zamakwinya, zina zopotoka. Kapanira kofinyira pakamwa pa khoko, kamene anakapanga kuchokera ku pulayala yakale, kanandikanika. Ndikatembenuza khoko, chipolopolo chinkagwera pansi. Botolo la phula linali lopanda kanthu, njuchi nazo zinali zitagulitsidwa alamu atangogonekedwa m'chipatala. Ndinakhala pampando wawo ndili ndi manyazi, ndipo ndinalira, munthu wamkulu ine.

Loweruka ndinapita kwa achemwali kukavomera kuti zandikanika. Ndinati awombere ndi mfuti yanga, palibe amene anganene kanthu. Achemwali anapukusa mutu, n'kuti bowo la mfuti yanga likhala langa, osati la a Korbinian, ndipo kuli bwino thabwa lipachikidwe losaboola kusiyana n'kunamiza wakufa. Sanandiyang'ane kumaso.

Lamulungu titatuluka ku Misa anthu anadzaza pabwalo lowomberera. Thabwa linali litaimikidwa kale, atajambulapo ming'oma itatu ya njuchi pansi pa mtengo wa mapeyala. Wapampando wathu, a Emmeram, ankangoyang'ana wotchi. Achemwali anafika mochedwa, atavala jekete yobiriwira ya alamu, manja ake atawapinda kawiri chifukwa inali yaikulu. Anandikokera pambali, n'kutulutsa chinthu m'thumba.

Chinali chipolopolo chimodzi, chauve, chitamatirira ulusi ndi tinyenyeswa ta fodya. Anachipeza m'mawa womwewo, chitalowa pachibowo cha thumba n'kukhala m'kati mwa nsalu. Nditachiyang'anitsitsa padzuwa ndinaona kuti paphula paja panadindika mizere ya chala chachikulu cha alamu, ndi kachipsera kaja kamene anadzicheka ndi sowo tili anyamata.

“Achemwali, ichi sungani,” ndinanong'ona. “Mukawombera, chala ichi chipita. Palibenso china.”

“Ndikudziwa, Quirin,” anatero. “Koma sanachipangire kukhala m'kabati. Ndiikire.”

Ndinachotsa ulusi uja ndi chikhadabo pang'onopang'ono, osakhudza pomwe panali chala, n'kuchilowetsa mumfuti. Achemwali anali asanawomberepo chibadwire, choncho ndinawaikira mfuti paphewa n'kuwauza kuti apume kaye. Amuna onse anavula zipewa.

Inalira. Utsi woyera unatiphimba, uja wonunkha ngati mazira owola, ndipo utapita tinaona bowo kumunsi kwenikweni kwa thabwa, pafupi ndi mng'oma wachitatu. Pang'ono pokha chikanaphonya. A Emmeram anafuula kuti lalowa, anthu anaomba m'manja, oimba malipenga n'kuyamba nyimbo yawo.

Ndinatulutsa khoko lija likadali lotentha n'kuwapatsa. Ndinayamba kupepesa za mawu anga a Lachitatu, koma anandigwira dzanja kuti ndisiye. Ananunkhiza zala zawo, zimene zinali zitatsala ndi kafungo ka phula ndi nkhosa, kenako anapisa m'thumba la jekete n'kulitembenuza. Panali banga lamafuta lakalekale, limene sopo analephera.

“Unanena zoona, Quirin,” anatero. “Zaka makumi anayi ndi chimodzi ndikuchapa mafuta amenewa. Tsopano ndawamaliza.”

Anabwezera thumba lija m'kati, n'kuikamo khoko lopanda kanthu, dzanja lawo n'kutsalira momwemo.