Mavu a Pazenera

"Chokani pamenepo, alamu, ndipope."

Bambo sanasunthe. Anaima pakati pa zenera ndi mlamu wawo, mkulu wake wa malemu mkazi wawo, amene ananyamula chitini cha mankhwala ophera tizilombo. Panali patadutsa masiku anayi chiikireni maliro.

Pakona ya zenera la kuchipindako mavu anali kumanga chisa chadothi, chotalika ngati chala. Moyang'anizana nacho panaima kamera ya malemuwo pa miyendo yake itatu, lenzi itatsala pang'ono kukhudza dothilo. Milungu iwiri yomaliza, atalephera kutuluka panja, mayiwo ankajambula chisacho m'mawa uliwonse. Ankafuna kuona tsiku limene mavu adzatseke khomo lotsiriza.

"Mwana wanu akusamukira muno ndi khanda," anatero mlamuwo. "Mukufuna mdzukulu atupe ngati mpira?"

"Agone pabalaza."

"Mpaka liti?"

"Mpaka amalize."

"Amalize ndani?"

"Omangawa."

Mlamu anaomba m'manja. "Abale inu! Mng'ono wanga wapita, otilamula m'nyumba atsala mavu! Inuyo kamerayi simunaigwirepo n'kamodzi komwe. Munkati ndi zibwana."

"Ndinkatero."

Bambo anawerama nayatsa kamera. Pagalasi lakumbuyo panangooneka chifunga chofiirira. Anagogodapo ndi chala monga amachitira pafoni. Palibe chinasintha.

"Yafa nayonso," anatero mlamu.

"Sinafe, amayi akulu." Anali mwana wawo wamkazi, ataima pakhomo, khanda lili paphewa. "Lenzi imeneyo sidzisakira yokha chinthu ngati foni. Zonse n'zapamanja. Ababa, pototsani mphete yaikuluyo."

Bambo anali makanika, zala zawo zinazolowera mabawuti. Anapotokola, chifunga chinang'ambika, chisa chinaoneka, n'kusowanso.

"Pang'ono, ababa. Si tayala limenelo. Mukaona timizere tofiira, ndiye kuti pamenepo pagwira. Ndipo musapume."

"Auze asapume, tiikenso wina," anatero mlamu.

Mavu analowa pampata wa zenera atakumbatira kampira ka matope. Bambo anadina batani. Chinatuluka ndi phiko lokha. Anadinanso: miyendo inagwira, mutu unasungunuka. Pogwira pake panali popyapyala ngati tsitsi. Mwana uja anawalozera mphete yaing'ono yochepetsera kabowo ka lenzi, kuti pogwirapo pakule. Chithunzi chinada. Bambo anachotsa kalendala pakhoma, naitembenuza, kuti kuyera kwake kubwezere kuwala pachisa.

"Gwirani apa, alamu."

"Ine? Ndigwirire mavu nyali?"

"Dzanja linalo lili chabe."

Mlamu anagwira, akunyinyirika. Bambo anadikira ulendo wachiwiri wa mavu, ndi wachitatu. Ulendo wachisanu anamanga mpweya, nadina.

Pagalasi panatuluka nkhope yathunthu ya mavu: maso ngati sefa, nsagwada zikusalaza dothi lonyowa monga mmisiri womanga nyumba ndi chipande chake. Mlamu anayang'ana nthawi yaitali, milomo italumana.

"Ine ndi khandali tigona pabalaza," anatero mwana uja.

Mlamu anaponya chitini pabedi. "Lamlungu ndipopa."

"Simupopa," anayankha mwana uja.

Amayi awiriwo anatuluka akukanganabe. Bambo anakankha zenera kuti mpata ukule. Kunja kwake, pakakhonde ka zeneralo, pamene dzanja la munthu wokhala pabedi likanatha kufika, panali zivindikiro zitatu za mabotolo a mankhwala a mkazi wawo. Zonse zinali ndi dothi. Ziwiri zinali zitauma mpaka kung'aluka, chachitatu chinatsala ndi chinyezi pansi pokha. M'dothi loumalo munali chidindo cha chala chaching'ono chimene chinkakandira mavu matopewo.

Bambo anatenga kapu imene inali pambali pa bedi, napita kumpopi. Atabwerera anadonthezera madzi m'chivindikiro chilichonse, nakanda ndi nsonga ya chala chawo chakuda ndi girizi, mpaka dothi linafewa.