Khanda Lobwereka

Atelala anali atasoka zovala za sewero la Khirisimasi kwa zaka khumi ndi zinayi. Mapiko a angelo, ndevu zathonje za anzeru akum'mawa, mkanjo wabuluu wa Mariya, zonsezo zinkatuluka pa makina awo akale aja olira ngati akutsokomola. Koma chaka chimenechi ankasoka mtima uli kwina. Mwana wawo wotsiriza, amene ankatsogolera nyimbo mu kwaya, anabereka asanakwatiwe. Komiti ya mpingo inamuchotsa mu kwayamo n'kumulozera benchi yakumbuyo, pafupi ndi poika matsache. Mnyamata amene anamupatsa mimbayo ankaimbabe kutsogolo, taye ili pakhosi. Ati kwaya singayende popanda besi.

Atelala ankapempha chinthu chimodzi chokha: kuti Khirisimasi ikamafika, mwana wawo akhale atabwerera kutsogolo.

Kandulo yachiwiri ya Adventi itayatsidwa, amayi apampando a komitiyo anatulukira kushopu. Mayi ameneyu akamafuna kanthu ankayamba ndi kuyamikira makatani.

"Atelala, chaka chino tikufuna khanda lenileni m'sewero. Zidole zija anthu atopa nazo. Ndiye tayang'ana mpingo wonse, khanda ndi mdzukulu wanu yekha."

Atelala anaimitsa makina. "Nanga mayi wake?"

"Aa, zimenezo tikambirana. Ino si nyengo yokonza njira ya Ambuye? Mulungu ndi wachifundo, amayi anzanga."

Munthu wanjala ngakhale fungo amaliyesa chakudya. Atelala anawatenga mawuwo ngati lonjezo, ndipo anafika nawo kunyumba akuchita kuwefuka.

Mtsikanayo sanasangalale. Anali akuchapa matewera m'beseni, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Mwana yemweyu anakana kumudalitsa kutsogolo, lero wasanduka Yesu?"

"Iwe, chitseko chikatseguka pang'ono umalowetsa phazi. Ukufuna kukalambira pamatsache paja?"

Anavomera chifukwa cha amayi ake basi.

Loweruka masana anapita kokonzekera sewero. Mariya anali mwana wa mlembi wa mpingo, kamtsikana ka zikhadabo zopaka utoto, kamene kanalandira khandalo ngati akukapatsa mbale yotentha. Mayi wake wa khandalo anauzidwa kuti adikire kubenchi yake. Atelala anagwada kutsogolo, mapini ali kukamwa, akufupikitsa mkanjo wa mngelo.

Abusa a nkhosa asanafike n'komwe pakhola, khanda linayamba kulira. Mariya analigwedeza, linalira. Analiimbira, linawonjezera moto. Mngelo anaiwala mawu ake, Yosefe anatseka makutu, kwaya inayesa kukweza nyimbo koma khanda linaiposa ndi besi yemwe. Mwini besiyo anangoti maso pa pepala la nyimbo, ngati kulirako kukuchokera kumsewu.

Kenaka kunamveka masilipasi. Mtsikana uja anayenda pakati pa mabenchi osayang'ana munthu, anakwera masitepe atatu aja, n'kutenga mwana wake. Mpando unali pafupi unali wa Mariya, ndiye anakhala pomwepo n'kuyamba kuyamwitsa. Kunkamveka kumeza kwa khanda kokha.

Atelala anachotsa mapini kukamwa. Zaka khumi ndi zinayi akusoka seweroli, anali asanalionepo likuoneka loona chonchi: mtsikana wotopa, wamanyazi, wopanda pogonekera mwana. Misozi inalengeza. Mumtima anati aliyense akuona zomwe akuona iwozi, ndipo nkhani yatha lero.

"Osati pamenepo!" anatero amayi apampando. "Amenewo ndi malo opatulika. Pita naye kuseri, ukamaliza umubweretse."

Mtsikanayo anaimirira khanda lili kubere, anatsika masitepe, n'kutuluka pakhomo lalikulu. Sanabwerenso.

Lamulungu anayatsa kandulo yachitatu. Mlaliki anafunsa mpingo ngati m'mitima mwawo muli malo a Mwana amene akubwerayo, kapena nawonso adzamutumiza kukhola. Anthu anayankha kuti malo alipo, ena mpaka kuimika manja. Atelala sanaimike dzanja. Anali ndi mkwiyo umene sankadziwa poutula, chifukwa ena mwa oimika manjawo anali anzawo enieni, amene anawagonera kuchipatala bambo a m'nyumba akudwala.

Mapemphero atatha, amayi apampando anawakodola pakhonde n'kuwapatsa jumbo.

"Komiti yaona kuti tibwerere ku chidole. Chidole sichisokoneza. Mungochisokera kansalu koyera kokulungira, kaja kakale kadyedwa ndi njenjete."

"Nanga nkhani ya mwana wanga?"

"Pepani, atelala, imeneyo tiione chaka chikatembenuka. Panopa tatanganidwa ndi kulandira Ambuye."

Bwenzi atawaponyera jumboyo kumaso, koma atelala si munthu wotero, ndipo zimenezi n'zimene zinkawawawa kwambiri. Anailandira ndi manja awiri, mpaka anathokoza.

Lolemba m'mawa anachigoneka chidolecho patebulo lodulira nsalu. Chinali chapulasitiki, diso limodzi losatsekeka, pamimba pali dzina la mwana wina lolembedwa ndi bolopeni. Anachiyeza ndi tepi, anadula nsalu, anayamba kupinda m'mphepete. Mtsikana wawo analowa atabereka khanda, atanyamula tiyi m'fulasiki. Anaima n'kuyang'ana chidolecho nthawi yaitali.

"Ndinalakwa kukukakamiza, mwanawe," anatero atelala, maso ali pa singano.

Mtsikanayo anawathirira tiyi, anaika kapu kutali ndi nsalu yoyerayo kuti ingathimbirire.

"Musokereni bwino, amayi," anatero. "Uyu ndiye amulandira. Alibe mayi woti achite naye manyazi."