Dima la Lachisanu

Udzu wa mu Januwale sudikira munthu. Chaka cha 1957, m'munda mwathu kumunsi kwa Chalimbana, unkakula ine ndikuuona ndi maso angawa. Ndikapalira mizere khumi, potembenuka ndinkapeza kumbuyo kwabiriwiranso. Munda wa maekala anayi, khasu limodzi, mwana wanga Lister kumsana, ndipo mvula inkagwa tsiku ndi tsiku ngati ili ndi mlandu ndi ine.

Amuna anga, a Tenson, anali gone m'nyumba. Anadzitema phazi ndi nkhwangwa pozula chitsa, ndipo kuchipatala atawasoka anawauza kuti asaponde pansi mwezi wathunthu. Mwezi! Chimanga chinali chitayamba kale kuchita chikasu m'kati mwa udzu.

Ndiyenera kukuuzani za a Tenson. Tonse kwathu ndi ku Katete, koma iwo anagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi ku Lusaka, kumalo ophera ng'ombe, ine nditatsala kumudzi. Anachokako ataonda, m'mimba mukuwapota, mawu osowa pakamwa. Akangomva fungo la nyama yowotcha ankathamangira kuseri kwa nyumba kukasanza. Titafika kuno kudzalima, anandiuza kuti nyama sidzalowanso m'kamwa mwawo. Chifukwa chake sananene.

Ndinakalipa, musaganize kuti ndinavomera mwaulemu. Ine Nelesi, wakum'mawa, kumene mwana amadziwa kukumba mbewa asanadziwe kuvala! Koma kuphika miphika iwiri kunanditopetsa, ndiye ndinangolowa m'njira yawo: nyemba, khobwe, chiwawa chotendera, therere, bowa nthawi yake. Chisanathe chaka m'mimba mwawo munaleka, masaya anabwerera, ndipo ankalima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Inenso kutentha pamtima kumene kunkandisautsa kunazimirira. Mbuzi ndi nkhuku zinachuluka pakhomo, manyowa ake n'kumapita kudimba. Munthu anayambanso kuseka.

Ndiye taganizani mmene mtima wanga unadumphira Lolemba lina, atandiitana ali chigonere pamphasa.

"Amake Lister," anatero, maso ali kudenga, "chimanga ichi chikafa, nibwerera ku Lusaka. Kapitawo ananiuza kuti malo anga alipo tsiku lililonse."

"Mubwerera kukachita chani? Kukaonda?"

"Nanga mwana azadya chani?"

Ndinatuluka, ndinalowanso, ndinatulukanso. Ndinkadziwa kuti akabwerera ku mpeni uja, munthu amene adzabwere kuchokera kumeneko sadzakhalanso mwamuna wanga. Pomwepo ndinaganiza zoitana dima. Kwathu ndi mmene timachitira ntchito ikakula: umaitana anansi ndi makasu awo, amakulimira tsiku lonse, iwe n'kuwadyetsa bwino. Ndinalengeza kuti likhala Lachitatu.

Mlamu wanga Nason, mng'ono wawo wa a Tenson, atamva anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Alamu, mbuzi mupha iti?"

"Palibe mbuzi izafa."

"Mowa?"

"Mudziwa kuti ife sitifulula. Kuli thobwa."

"Ha! Ndiye muyesa anthu ni mbozi, zobwerera masamba? Dima lopanda nyama sininalionepo ine."

Ndinamuuza kuti adzaliona Lachitatu. Pakamwa pangapa, pamene pamandipalira milandu!

Lachitatu ndinaphika ngati kuli ukwati. Nyemba mphika waukulu, chiwawa chothira nsinjiro zambiri, bowa wa utale amene ndinakazula ndekha kuphiri, thobwa mitsuko iwiri. Ndinasesa pabwalo. Dzuwa linakwera, ine maso kunjira. Ndinapita kumunda, ndinabwerera kunyumba poganiza kuti mwina afikira kumeneko, ndinathamangiranso kumunda. Zii. Pomaliza kunatulukira munthu mmodzi yekha, khasu paphewa: Justina, mnzanga wa Chikatolika wokhala kufupi ndi mishoni, amene tinkatunga limodzi madzi.

Tinapalira awiri mpaka msana kuwawa, ndipo popuma anandiuza zimene aliyense ankadziwa kupatula ine.

"Amake Lister, si nkhani ya mbuzi chabe. Anthu akamba kuti amuna anu anakhwima."

"Ati chani?"

"Akuti ku Lusaka anatenga mankhwala olemeretsa, ndiye ng'anga inawaletsa nyama. Akuti n'chifukwa chake mbuzi zanu zichuluka, za ena zikufa. Aopa kudya pakhomo panu."

Mayo ine! Ndinaponya khasu pansi. Mbuzi zichuluka chifukwa sitizidya, nanga pamenepa pafunika ng'anga? Ndinatukwana mudzi wonse, nyumba ndi nyumba, Justina akungondiyang'ana. Koma kutukwana sikuzula udzu. Zakudya zija theka zinasasa, ndipo ndinazikhuthulira nkhuku misozi ili m'maso.

M'mawa mwake ndinagonja. Ndinati anthu akaona nyama ikutuluka pakhomo pano, pakamwa pawo padzatsekeka. Ndinagwira tonde wathu wamkulu n'kumumangirira pamtengo wa mango, kenaka ndinaitana Nason kuti adzamuphe. Anabwera akumwetulira, ali ndi kampeni kake kobuntha. A Tenson sindinawauze.

Koma mbuzi yomangidwa imalira mwa mtundu wina, ndipo munthu amene wagwira ntchito ija amakudziwa kulira kumeneko. Ndinangoona atulukira pakhomo chokwawa, phazi lomanga nsalu likukhukhuluzika m'matope.

Sanakalipe. Bwenzi atakalipa! Anayang'ana mbuzi, anayang'ana mpeni wa Nason.

"Na mpeni uwo uzaizunza," anatero. "Ngati ifa, bweretsa kuno. Nipase na mwala."

Anakhala pansi n'kuyamba kunola. Manja aja ankayenda okha, mofulumira, mwaluso, koma nkhope inali itachoka. Milomo inauma, maso anangoti gwa osaphethira. Nkhope imeneyo ndinkaidziwa, ndi imene anabwera nayo kuchokera ku Lusaka. Ndinachita mantha kuposa mmene ndinkaopera njala. Ndinawalanda mpeniwo, ndinauponya pamapazi pa Nason, n'kumasula tonde.

"Alamu, mwapenga?" anatero Nason.

"Eya, napenga. Pitani mukauze anthu kuti nanenso nakhwima."

Nditawalowetsa a Tenson m'nyumba, ndinabereka mwana n'kuuyamba ulendo wa kwa Justina, osadziwa n'komwe chimene ndikukafuna. Ndinamupeza akusinja. Anamvetsera zonse, munsi uli m'manja, kenaka anafunsa:

"Mawa ni tsiku lanji?"

"Lachisanu. Nanga?"

"Ise Akatolika Lachisanu sitidya nyama. Ni lamulo la mpingo. Mukaitana dima mawa, palibe wa kumishoni angafunse mbuzi, angachite manyazi pamaso pa a katekisiti."

Ndinamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Zaka zitatu ndili pakati pa anthu amenewa, osaliganizira limeneli!

Tinapita kwa a Ignatius, katekisiti wawo, bambo wamfupi wa imvi wosakonda mawu ambiri. Anamva nkhani yathu, anakanda kumutu, n'kunena kuti kuthandiza wodwala ndi ntchito yoyenera tsiku Lachisanu. Tsiku lonselo ine ndi Justina tinazungulira nyumba za kumishoni mvula ikutikwapula. Ena ankavomera, ena ankangoti tiona. Nditafika kunyumba ndinaviika nyemba zotsala, zomaliza zenizeni.

Lachisanu anabwera. Ndinawawerenga akutsika m'njira: anthu khumi ndi anayi, asanu ndi atatu mwa iwo amuna, a Ignatius patsogolo. Anapemphera mwachidule m'mphepete mwa munda, makasu n'kuyamba kulira. Amayi anayambitsa nyimbo. Ine ndinkangothamanga, kumunda, kumoto, kumunda, nyemba zisapserere, bowa asachepe mchere. Pofika masana theka la munda linali litayera, ndipo ndinati Mulungu wandikumbukira.

Ndinayala mphasa pansi pa mango, ndinatula zakudya, ndinazunguliza madzi osamba m'manja. Palibe anatambasula dzanja. Amuna ankayang'ana pansi, amayi ankakonza mipango yawo. Thobwa ndinalawa ndekha pamaso pawo monga mwa mwambo, koma chikho chinabwerera chodzaza.

Bambo wina wamtali dzina lake Augustine ndiye analankhula.

"Amayi, kulima talima, ndipo tizalima. Koma kudya, tikadya kwathu."

Kwawo kunali ulendo wa ola lathunthu. Munthu amene walima kuyambira m'mawa akapita kwawo kukadya, sabweranso, zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Ena anali atayamba kale kutola makasu. Ndinafuna kukuwa, ndinafuna kugwada, ndinafuna kumuthira Augustine nyemba kumutu. Theka la munda silikanatifikitsa ngakhale mwezi wa Okutobala.

A Ignatius anakweza dzanja, anthu n'kuima. Anatembenukira kukhonde kumene a Tenson anakhala atatsamira khoma.

"Ba Tenson, ine sinikonda zokambira kumbali. Anthu akuti muli na mankhwala, ndiye chifukwa chake simudya nyama. Tiuzeni pano. Ni zoona?"

Ndinati sayankha. Ine mkazi wawo ndinafunsa kangati osandiyankha? Anasisita bondo. Kenaka analankhula, mawu otsika, moti anthu anasendera pafupi.

"Tsiku lina anabweretsa ng'ombe yaikazi, yofiira. Inali ya makumi atatu tsiku limenelo. Ninaibaya monga mwa masiku onse. Potumbula ninapeza mwana m'kati, wamkulu, waubweya kale, wotsala masiku ochepa kubadwa. Anali akali moyo. Anaphupha m'manja mwanga, anatsegula pakamwa, koma mawu sanatuluke. Ninaima. Kapitawo anakuwa kuti taya kudzala, fulumira, zina zidikira. Ninakamutaya, akali kuphupha."

Anayang'ana manja awo.

"Masana anatiwotchera chiwindi cha mayi wake. Ninadya, a katekisiti. Ninali na njala, ndipo chinali chokoma. Mankhwala anga ni amenewo. Ena nilibe."

Mayi wina anaphimba kumaso ndi chitenje. Ine ndinangoima ndi chikho cha thobwa m'manja, chifukwa nkhaniyi ndinkaimva koyamba pamodzi ndi alendo.

 A Ignatius anakokera beseni pafupi, anasamba m'manja, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kutapa bowa. Anatafuna pang'onopang'ono, anthu onse akuwayang'ana.

"Amake Lister," anatero, "mchere muli nawo wina?"

Justina anaseka misozi ili m'masaya, ndipo beseni linayamba kuyenda. Augustine anakhala womaliza kusamba, koma ndi amene anapempha chiwawa kachiwiri, wopanda manyazi uja. Miphika anaikombeza mpaka pansi. Atamwa thobwa ananyamuka okha, popanda wowakumbutsa, ndipo masana onse makasu sanapume. Nyimbo sinaimbidwenso, koma ankalima ngati munda ndi wawo. Dzuwa lisanalowe mzere womaliza, wa m'mphepete mwa mtsinje, unali utayera.

Nditawaperekeza mpaka pamphambano, ndinabwerera chothamanga. A Tenson anali pomwe paja pakhonde, Lister atagona pamiyendo pawo.

"Atha?" anafunsa.

"Atha. Wonse."

Anatulutsa mpweya wautali. "Ndiye sinipita."

Ndinayenera kusangalala, ndipo ndinasangalala, koma mkwiyo nawo unandigwira.

"Bambo a Lister, zaka zitatu! Nakutukwanani, nakunenani kuti ndimwe ovuta, dzulo lomwe nakupatsani mbuzi kuti muphe. Anthu akumishoni mwawauza, ine mkazi wanu osaniuza. Chifukwa chani?"

Anayang'ana mwanayo, n'kumuchotsa kaudzu kamene kanamatirira m'tsitsi.

"Sabata imeneyo ndiye munanilembera kalata kuti muli na pakati," anatero. "Nikanakuuzani bwanji?"

Miphika inali mbwee pabwalo, yosatsuka, nkhuku zikujompha m'mbale. Ndinazisiya. Ndinakhala pansi pambali pawo, n'kuika phazi lawo lodwala lija pamiyendo panga kuti lisagunde pansi.