Katungwe Patsinde pa Bwemba

Tsiku limene mudzi unasankha malo omangapo paki ya ana, Esinati anabwerera kunyumba ali ndi nkhawa. Mwamuna wake, Andrew Kadzuwa, ndiye anali wapampando wa komiti, ndipo ntchitoyi anali ataiika pamtima moti ngakhale okwera nawo minibasi ya ku Golomoti ankaidziwa. Bungwe lina linali litalonjeza zitsulo za katungwe, simenti ya mabenchi ndi mbande za mitengo, koma linanenetsa kuti malo asankhe eni mudzi, aliyense afunsidwe.

Kufunsa Andrew anafunsadi, tisamunamizire. Anajambula mudzi wonse pansi ndi kamtengo, n'kupatsa aliyense kamwala kuti aike pamene akufuna. Amuna ndi achinyamata anaunjika timiyala tawo pa kathengo ka kuseri kwa mjigo, pamene pali mtengo waukulu wa bwemba. Ndi kutentha kwa kuno kuchigwa, ndani angakane mthunzi? Amayi onse, osapangana, anaika tawo pa bwalo louma la kusukulu, lopanda ngakhale chitsamba. Anagonja ndi timiyala khumi ndi kamodzi.

Andrew anafunsa chimene amayi akukanira mthunzi. Onse anangoyang'ana zala zawo zakumapazi, mpaka a Nangozo, azamba akale a m'mudzimo, anayankha kuti kumeneko kuli njoka. Amuna anafa nacho chiseko. A Saidi, mmodzi wa amunawo, anati njoka ndi chikwanje zimadziwana kuyambira kale. Nkhani inathera pomwepo, Andrew n'kulemba mu lipoti lake kuti maganizo a anthu onse amveka.

Chimene amunawo sankadziwa n'chakuti patsinde pa bwembayo ndi pamene amayi amaika nthayo, ana obadwa atamwalira kale. Maliro otere salira, saimba nyimbo, mwamuna safikako ndipo sauzidwa malo. Dzenje lake sakumba mozama, amati mayi angaleke kubereka. Mwana wachiwiri wa Esinati, wopondana ndi woyamba, Sheila, anagona pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, atakulungidwa m'chitenje chobiriwira. Esinati sanapiteko. Atachira, a Nangozo anangomulozera ndi mlomo akuchokera kumjigo: chakum'mawa kwa tsinde, pambali pa muzu wotumphuka.

Sabata yonse Esinati anayesa kuzungulira nkhani. Anati bwemba amagwetsa nthambi, anati ana azidzathothoka pokwera kukatchola zipatso. Andrew ankangomwetulira ngati mphunzitsi, n'kumati zimene wasankha mudzi sazisintha m'chipinda chogona. Esinati anapita kwa a Nangozo, iwo anamuuza kuti atseke pakamwa, amuna a kuno sachedwa kutopa ndi ntchito yopanda malipiro. Koma ulendo uno sanatope.

Loweruka m'mawa amayi anayenera kutunga madzi okandira simenti. Palibe anatuluka m'nyumba. Esinati yekha ndiye anasenza ndowa. Atakhota pa mjigo anaima chilili. Kathengo kaja, kamene kuyambira ali mtsikana sanaonepo munthu akuthyolamo ngakhale nkhuni, kanali mbee, zitsamba zitaunjikidwa kuti azitenthe. Anyamata ankasekerera akukoka chingwe. Zikhomo zinayi zinali zitakhomedwa posonyeza miyendo ya katungwe, ndipo chimodzi chinali pambali penipeni pa muzu wotumphuka uja. Amene anaima pamenepo, akulavulira m'manja kuti agwire bwino piki yokumbira, anali mwamuna wake.

Ndowa inagwa yokha. Esinati sanadziwe kuti wayenda bwanji, anangozindikira waponda chikhomo chija, piki ili m'mwamba.

“Amake Sheila, mwatani? Ndikanakutemani.”

“Musakumbe pano.”

Andrew anachita manyazi pamaso pa anzake. Anayamba kulankhula za msonkhano, za timiyala, zakuti aliyense anapatsidwa mpata ndipo wosalankhula tsiku lija asavute lero. Esinati anadziwa kuti akatsegula pakamwa waphwanya mwambo umene amayi ake ndi agogo ake anafa osauphwanya. Anayang'ana piki ija, n'kuganiza za kufupika kwa dzenje.

“Munatifunsa pagulu zinthu zosanena pagulu,” anatero motsitsa mawu. “Pano pagona mwana wanu. Mukatema kawiri mupeza chitenje changa.”

A Saidi anayang'ana uku ndi uku pa nthaka imene anakhala akuipondaponda kuyambira m'mamawa, n'kufunsa monong'ona ngati ndi mmodzi yekha. Esinati anapukusa mutu. Anawauza kuti palibe bambo amene waima pamenepo wopanda wake, kaya mwana, kaya mlongo, kaya mdzukulu. A Saidi anavula chipewa. Anyamata aja anasiya chingwe n'kuyamba kubwerera chafutambuyo, akuponda monyang'ama.

Andrew anatsitsa piki pang'onopang'ono, ngati yalemera mwadzidzidzi. Munthu amene anayenda khomo ndi khomo kufunsa mudzi wonse za mabenchi ndi utoto anali asanafunsepo mkazi wake funso limodzi m'zaka zisanu ndi chimodzi. Anagwada, n'kuzula chikhomo chija ndi manja, akufotsera kabowo kake ndi chala.

“Anali wamwamuna kapena wamkazi?”

“Wamwamuna,” anayankha Esinati. “Anali ndi makutu anu.”